Munthu Akayamba Kugona Chokhala

Pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anakomoka kunyumba ya boma ku Lilongwe. Anathamangira naye ku Kamuzu Central Hospital, koma mtima unali utaima. Kwathu ku Senga Bay nkhaniyi inayamba kuyenda ngati manong'onong'o a pa foni boma lisanalengeze, ndipo itatsimikizika anthu anatolapo mfundo ziwiri zomwe mpaka lero zimamveka pagombe. Yoyamba, akuti matenda a mtima ndi a mabwana, anthu odya nyama tsiku ndi tsiku ndi oyenda pa galimoto. Yachiwiri, akuti nthendayi imagwetsa munthu kamodzin'kamodzi, moti palibe chomwe ungachitepo. Ine ndimaona kuti mfundo ziwirizi zatiphera anthu ambiri m'mbali mwa nyanja muno.

Mlovi wokoka chilimira usiku wonse saganizako zoti mtima wake ungadwale. Chimodzimodzi mayi wosenza beseni la usipa kupita nalo pathandala, kapena mnyamata wa kabaza wopalasa pa dzuwa la Okutobala. Amati thukuta limene amatulutsa ndi mankhwala okwanira. Komatu mtima wa mmphawi nawo umadwala, ndipo kawirikawiri sugwetsa mwini wake tsiku limodzi. Umatha miyezi, mwinanso zaka, ukudandaula poyera, onse a pakhomo akuona. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma nthenda iyi imaimba, kungoti ife timaiyesa ya kumudzi kwina.

Malume anga anali siginala. Odziwa usodzi wa usipa akudziwa kuti ameneyu ndi munthu wotsogola pa bwato usiku, nyali zili ngwee, kukopa nsomba kuti zisonkhane anzake azizinge ndi chilimira. Anali munthu wochepa thupi, wa minofu youma, wosadziwa khomo la chipatala. Chinayamba ndi phuma. Kuchoka pamene bwato lakocheza kukafika pathandala ndi pafupi, koma iwo anayamba kuima pakati pa njira, manja m'chiuno, n'kumayang'ana kunyanja ngati pali chomwe aiwala. Ukawafunsa ankati mchenga wa chaka chimenecho unali wotitimira. Kenako kunabwera chifuwa cha usiku. Popeza inali nyengo ya mwera, onse tinati ndi mphepo yozizira ya panyanja. Chitapitirira anakapereka makhololo, TB sinapezeke, ndipo pakhomo tinapumira m'mwamba ngati mlandu watha.

Tsiku lina ndinawapeza m'bandakucha atakhala pamphasa, msana atatsamira khoma, thumba la zovala lili kumbuyo.

"Amalume, bwanji simukugona pansi?"

"Ndikagona chagada ndimamira, mphwanga. Ndikakhala chonchi ndiye mpweya umalowako."

Akazi awo anandinong'oneza kuti zinayamba kale. Pakati pa usiku malume ankadzidzimuka ali wefuwefu, n'kuthamangira kutsegula chitseko kuti apeze mpweya. Madzulo zingwe za masilipasi zinkasiya mizere yakuya pamapazi, ndipo ukasindikiza chala pamsongolo pankatsala kadzenje kochedwa kubwerera.

Zizindikiro zimenezi zili ndi chifukwa chimodzi, ndipo si chovuta kuchimva. Mtima ukafooka umalephera kukankha magazi onse amene akubwerera kwa iwo. Magazi akachedwa m'mitsempha, madzi amatulukamo n'kukadikha m'minofu. Masana, munthu ali chiimire kapena chikhalire, madziwo amatsikira kumapazi ndi kuakakolo, n'chifukwa chake kutupa kumakula madzulo. Usiku akagona, madzi omwewo amabwerera m'mitsempha n'kukadzaza m'mapapo, munthu n'kuyamba kubanika ndi kutsokomola. Malume sanakokomeze ponena kuti akumira, madzi analidi m'chifuwa mwawo. Kwa ena mimba imatupa, chakudya sichilowa, thupi limalemera pamene nkhope ikuphwa. Ena amamva mtima ukugunda mosalongosoka, kuthamanga kenako kudumpha, mwinanso chizungulire mpaka kukomoka.

Kutupa kuja kutafika m'maondo, abale anakhala pansi. Apa mpamene mtima wanga umawawa ndikakumbukira, chifukwa dzina la nthenda linapezeka msanga, ndipo wolakwa anapezekanso. Anati ndi tsempho. Achewa timati tsempho kapena mdulo, anansi athu Ayao, amene ndi ochuluka kuno kwa Maganga ndi kwa Pemba, amati ndaka. Chiphunzitso chake n'chakuti wina pabanja akaphwanya mwambo wa kuchipinda, kapena mkazi akathira mchere m'ndiwo ali kumwezi, wodya chakudyacho amatupa, amamva kupweteka pachifuwa, amatsokomola, mwinanso kulavula magazi. Maso onse anatembenukira kwa akazi awo a malume, mayi amene usiku uliwonse ankakhala maso kuwakupiza ndi chitenje mwamuna wawo akabanika. Anawafunsa mafunso amene munthu wamkulu safunsidwa pagulu. Analira, anakana, koma mankhwala a tsempho anakafunidwa ndithu, ndipo mwezi unapita wina n'kubwera.

Sindinyoza makolo athu. Anali ndi maso akuthwa. Mukaonetsetsa zizindikiro zimene anaika pa mdulo, kutupa miyendo ndi nkhope, chifuwa, kupweteka pamtima, kufooka, mupeza kuti zambiri ndi zomwezo zimene dokotala amafunsa akamaganizira za mtima, impso kapena TB. Anaonanso kuti mchere ukukhudzidwa penapake, ndipo pamenepo sanaphonye kwenikweni, pakuti mchere wambiri umakweza BP ndiponso umasunga madzi m'thupi la munthu wofooka mtima. Pamene panapotoka m'pakuti mlandu unaikidwa pa dzanja lothira mcherewo m'malo mwa kuchuluka kwake. Ndipo dzanja limenelo nthawi zambiri limakhala la mkazi. Banja limene likukhulupirira mwambo lichite mwambo wake ngati likufuna, ine sindingaliletse. Koma wodwalayo ayambe wafika kuchipatala, zokambirana za pansi pa mtengo zibwere pambuyo, chifukwa madzi a m'mapapo sadikira kuti mlandu ugamulidwe.

Malume anapita kuchipatala atanyamulidwa. Dokotala atawamanga lamba wa BP pamkono anawafunsa kuti, "Bambo, munayezetsapo BP chibadwire?" Anapukusa mutu. Inali itakwera kwambiri, ndipo ataunika anapeza kuti mtima unakula chifukwa chokankha magazi movutikira kwa zaka zambiri. Anawapatsa mankhwala okodzetsa, aja amati Lasix, pamodzi ndi ena otsitsa BP. Sabata isanathe miyendo inaphwa, munthu uja anagona chagada, tulo tofa nato. Ku usiginala sanabwererenso, koma anakhala ndi moyo zaka zingapo akusoka maukonde pakhonde, ndipo zidzukulu zimene zikanangomva mbiri yawo zinawadziwa. Kwa akazi awo palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukapepesa.

Funso la dokotala lija likanatha kufunsidwa kwa anthu ambiri a kuno, yankho n'kukhala lomwelo. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unachita kafukufuku wa dziko lonse wotchedwa STEPS. Pa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anapezeka ndi BP yokwera, ndipo mwa amenewo oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa n'komwe. Akafukufuku a pambuyo pake anapeza chiwerengero chotsikirapo, koma mfundo yoti ambiri akuyenda nayo osadziwa sinasinthe. Chovuta ndi BP n'chakuti ilibe ululu wakewake. Timakonda kunena kuti "BP yanga yakwera" munthu akatikwiyitsa kapena mutu ukamawawa, ngati kuti ndi chinthu chomveka m'thupi. Munthu akhoza kukhala pa 170 akuseka, akupalasa bwato, akudya bwino. Chodziwira ndi makina okha, ndipo akaonetsa 140 pa 90 kapena kuposa pamenepo pa masiku osiyana, imeneyo ndi nthenda yofunika chithandizo. Padziko lonse, WHO inawerengera kuti m'chaka cha 2019 matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni, ndipo oposa atatu mwa anayi alionse anali a m'mayiko osauka ndi apakatikati.

Koma chimene chimandisowetsa tulo kwambiri ndi ana. Pali nthenda ya mtima imene imayamba ndi zilonda za pakhosi, zomwe tonsefe timaziona ngati za chibwana. Mwana wa pulayimale akudandaula kuti akumva kuwawa pomeza, thupi latentha, timamugulira panado pa okala, masiku atatu wachira, wabwerera kukasambira. Nthawi zambiri zimatheradi pomwepo. Koma ngati zilondazo zinadza ndi kachilombo kotchedwa streptococcus, patapita masabata awiri kapena atatu chitetezo cha m'thupi mwa ana ena chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Mwana amatenthanso thupi, bondo limatupa n'kumawawa, mawa ululu wasamukira pakakolo, mkuja uli pachigongono. Ena manja ndi nkhope zimayamba kugwedezeka zokha, kulemba kumasokonekera, supuni imagwa m'manja, ndipo pakhomo amati mwana wayamba mwano kapena wagwidwa ndi mizimu. Mkatimo tizitseko ta mumtima, timene timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo, timakhala tikutupa. Nthendayo ikabwereza kangapo tizitsekoto timauma kapena kuyamba kudontha, ndipo sitibwereranso mwakale.

Imakonda ana a zaka 5 mpaka 15, makamaka ogona mothithikana m'chipinda chimodzi, monga timagonera m'midzi ya asodzi kuyambira ku Chipoka mpaka ku Lifuwu. Madokotala ataunika mitima ya ana oposa 1,400 m'boma la Lilongwe, zotsatira zake zomwe zinatuluka m'chaka cha 2016 zinaonetsa kuti ana atatu pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za nthendayi pamtima, chikhalirecho akuoneka abwinobwino. Lilongwe ndi boma loyandikana ndi lathu la Salima, ndipo sindikuona chifukwa choganizira kuti ana a kunyanja ndi otetezeka kuposa a kumtunda. Mwana wotere amadziwika mochedwa. Pa mpira amasankha kukhala goloboyi chifukwa sangathamange, potunga madzi amatsalira m'mbuyo, timamutcha waulesi. Mtsikana amafika pokwatiwa osadziwa kanthu, ndipo mimba yoyamba, imene imachulukitsa ntchito ya mtima, ndiyo imadzaulula zonse pa nthawi yoopsa.

Chowawa n'chakuti mankhwala ake ndi akale ndiponso otchipa. Penisilini akaperekedwa pa zilonda za pakhosi zoterezi amatseka njira nthenda isanayambe. Mwana amene yamugwira kale amabayidwa jakisoni wa penisilini kamodzi pa masabata atatu kapena anayi, kwa zaka zambiri, kuti isabwerezenso. Jakisoniyo ndi wowawa, ana amamuopa, ndipo makolo amatopa ndi ulendo wa mwezi ndi mwezi mwana akuoneka wamphamvu. Koma kuleka n'kusiya tizitseko tija kuti tiwonongeke mpaka pofunika opaleshoni, ndipo kwa zaka zambiri Amalawi ofunika opaleshoni yotere akhala akudikira pamndandanda wotumizidwa kunja, makamaka ku India. Ndi ana angati a asodzi amene angafike kumeneko?

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri a kuno sanachimve. Ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, yobweretsa chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana pa zipatala za m'maboma, m'dziko muno inayambira ku Neno mothandizidwa ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, kenako inafika pa chipatala cha boma cha Salima ndi cha Karonga. Imasamalira odwala mtima wofooka, ana a nthenda ya tizitseko ija, obadwa ndi vuto la mtima, a shuga ya ana ndi a sickle cell. M'chaka cha 2022 nduna za zaumoyo za mayiko a mu Africa zitakumana ku Lomé, m'dziko la Togo, zinavomereza kuti njira imeneyi ifalikire m'chigawo chonse. Kwa ife tanthauzo lake n'lakuti zambiri zimene kale zinkafuna ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wa ku Lilongwe zikhoza kuyambira paboma pompano, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Senga Bay.

Za amayi ndinene mwachidule, ngakhale si zazing'ono. Kutupa mapazi pang'ono pa mimba n'kofala. Koma mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, mutu ukuwawa, maso akuchita chidima, imeneyo ikhoza kukhala BP ya mimba, ndipo imapha mayi ndi mwana yemwe. Palinso kufooka kwa mtima kumene kumagwira mayi chakumapeto kwa mimba kapena m'miyezi yoyambirira atachira, ngakhale amene sanadwalepo. Mayi wa khanda akamabanika pogona, akamalephera kusesa pabwalo chifukwa cha phuma, miyendo ikutupa m'malo mophwa, tisamati ndi kutopa kwa uchembere, ndiponso tisathamangire kufunsa ngati bambo a mwana anasunga mwambo.

Tsono kugwa kwadzidzidzi kuja nako kuliko, ndipo kukuchuluka pamene shuga, fodya ndi kunenepa zikufalikira. Mtsempha wodyetsa mtima weniweniwo ukatsekeka, munthu amamva kulemera kapena kufinya pakati pa chifuwa. Ululuwo ukhoza kuyenderera kumkono, kawirikawiri wamanzere, kunsagwada, kukhosi kapena kumsana. Thukuta lozizira limatuluka, mseru umabwera, mpweya umachepa. Kuno timati ndi chilungulira, kapena zilonda za m'mimba, munthu n'kutumiza mwana kukagula maginiziyamu. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva n'komwe ululu wa pachifuwa, amangofooka mwadzidzidzi ndi kubanika. Ambiri mwa anthu otere mtima umakhala utawachenjezapo kale: kufinya kumene kumabwera munthu akamakwera mtunda kapena akamakoka khoka, n'kuleka akapuma. Kufinya kotere kukayamba kubwera pafupipafupi, kapena kukabwera munthu ali chikhalire n'kupitirira mphindi zingapo osaleka, imeneyo si nkhani yodikira kuti kuche.

Sitiroko nayo ndi mwana wa BP yemweyo. Kamwa likapotoka, mkono umodzi ukalefuka, mawu akayamba kutuluka mokokeka, timati amumenya hamala, ndipo achinyamata amayamba kuloza nyumba ya gogo wina wosauka. Takhala tikumva za okalamba omenyedwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha milandu yotereyi. Ndikamva nkhani zimenezi ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa omwalira aja amene akanapezeka ndi BP ya zaka khumi akanati ayezedwe, ndipo ndi agogo angati amene akanakhala ali moyo.

Ndikudziwa zimene wowerenga wa kunyanja anganene, ndipo akunena zoona. Ulendo wa kuchipatala ndi ndalama, ya njinga yamoto kupita ndi kubwera, kuwonjezapo tsiku lathunthu losagwira ntchito. Mlovi salipidwa akapanda kulowa m'madzi. Nthawi zina ukafika umauzidwa kuti mankhwala atha, ukagule ku famase. Zimenezi ndi zenizeni, ndipo boma liyenera kufunsidwa za izo mosanyengerera. Ndikanakonda kuona makina oyezera BP pagombe lililonse pamene nsomba zimakocheza, m'manja mwa alangizi a zaumoyo, m'mawa pamene asodzi ndi ogula onse ali pamodzi. Makomiti a m'magombe amene amakwanitsa kulondera maukonde oletsedwa, ndi mafumu onga a Makanjira amene kwa zaka zambiri akhala akutseka chilumba cha Mbenje nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ali ndi mphamvu yoitanitsa zimenezi. Mizikiti ndi mipingo nayonso ili ndi anthu sabata iliyonse. Koma ngakhale zinthu zili zovuta chonchi, mtengo wa ulendo umodzi woyezetsa sungafanane ndi wa munthu wogona pamphasa chaka chathunthu, bwato litagulitsidwa.

Pa chakudya tili ndi mwayi umene anthu a m'tauni amaulipira ndalama zambiri. Usipa, utaka ndi chambo n'zabwino ku mtima. Chotiwononga ndi zomwe tawonjezera: mchere wothira pophika n'kuthiranso pambale, timakyubu tokometsera ndiwo, tchipisi cha pachiwaya chomwazidwa mchere ndi dzanja lonse. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse. Fodya amene alovi amasuta kuti athamangitse tulo ndi kuzizira amawononga mitsempha, kachasu wa pambuyo pa ntchito amakweza BP ndi kufooketsa mtima. Ndipo amene anayamba kale mankhwala a BP asawaleke poti akupeza bwino. Kupeza bwinoko ndi ntchito ya mankhwalawo. Adyo ndi mandimu sizilowa m'malo mwake.

Si kutupa kulikonse kumene kuli kwa mtima. Impso, chiwindi ndi kuchepa kwa magazi nazo zimatupitsa, ndipo phuma likhoza kukhala la mphumu kapena TB. Kusiyanitsa zimenezi si ntchito ya pakhonde, ndipo zonsezo ndi zofunika chipatala chomwecho.

Inu amene mukuwerenga, yang'anani a pakhomo panu usiku uno. Ngati pali wina wogona chokhala, wina woima pakati pa njira imene chaka chatha ankaidutsa osapuma, wina wotupa mapazi, kapena mwana amene mfundo zikumuwawa mosinthanasinthana atangochira pakhosi, mutengeni mawa, buku lake la kuchipatala lili m'manja, ndipo mukafika mukanene zonse monga mwaonera. Inunso mukapereke mkono wanu akuyezeni BP.